"System ili down": kodi mwini wake ndani?

Mwezi watha ndinapelekeza amalume anga a ku Kanyama ku ofesi ina ya boma m'tauni. Anali kufuna kulipila cikalata cimodzi cabe. Tinakwela basi 6 koloko isanakwane, tinaima pamzele maola atatu, ndipo titafika pawindo mayi wa m'katimo anati: "Izi manje ni pa intaneti, bambo. Kacitileni pa foni."

Tinakhala pa benci panja, ine n'kutulutsa foni yanga. Tsamba linafuna imelo, amalume alibe, ndiye tinaika yanga. Linafunanso cithunzi ca NRC, n'kucikana kuti n'cacikulu, osatiuza kukula kumene lifuna. Polipila, ndalama inacoka mu mobile money koma lisiti silinabwele. Titabwelela pawindo, yankho linali lija mulidziwa nonse: "System ili down."

Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, kale tinali kuvutika na mzele umodzi. Manje mizele ni iwili, wina uli mu foni." Tsikulo sanatsegule shopu yao. Anataya ya transport na ya bundle, ndipo mawa lake anapatsa K50 mnyamata wa pa internet cafe kuti awatsilizile nchitoyo.

Musandimve molakwa, apaulendo anzanga. Kuika nchito za boma pa intaneti n'cinthu cabwino. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inavomeleza lamulo la Electronic Government Act, ndipo Smart Zambia Institute, imene ili pansi pa Ofesi ya Pulezidenti, ndiyo imayang'anila nchitoyi. Pa ZamPortal munthu angalipile road tax ali pa nyumba, ndipo madalaivala athu adziwa kufunika kwake kwa tsiku limodzi losataika pamzele. Ndalama yolipila pa foni imasiyanso cizindikilo, motelo ya "drinki" imasowa polowela.

Koma nchito iliyonse ya boma ya pa intaneti ifunika mwini wake. M'makampani a zamakompyuta muli munthu amene amamucha product manager. Si iye amalemba mapulogilamu, ndipo si iye amadula liboni. Iye amatsogolela gulu la opanga, amapita kukaona mmene anthu akugwilitsila nchito cinthuco, amasankha vuto loyamba kukonza, ndipo cikafa ndiye amayankha. Cimene ndinaona pa benci paja n'cakuti tsamba lija linalibe munthu wotelo. Cikhala kuti analipo, akanakhala ataona kale kuti munthu wa zaka 60 amakakamila pa funso la imelo.

Maiko ena anaphunzila zimenezi movutikila. Pa 1 October 2013 dziko la America linatsegula tsamba la inshuwalansi ya zaumoyo la HealthCare.gov, ndipo anthu ambili analephela kulembetsa. Makampani opanga anali ambilimbili, koma woyang'anila cinthu conse kucokela kumutu mpaka kumcila sanali kudziwika. Caka cotsatila boma linakhazikitsa United States Digital Service. Ku Britain anayambitsa Government Digital Service mu 2011, ndipo mu 2012 anatsegula GOV.UK na mfundo yakuti poyambila ni pa zosowa za munthu wogwilitsa nchito. Kuno ku Africa, Rwanda inayamba Irembo mu 2015, ndipo inaika ma agent othandiza anthu amene alibe foni yaikulu.

Nanga ife tingapemphe ciani kwa otsogolela magulu amenewa?

Coyamba, tulukani mu ofesi. Tsamba lisanatsegulidwe, bwelani nalo pa Kulima Tower kapena pa City Market, mupatse kondakita na mayi wogulitsa tomato kuti ayese pa foni zao. Inu khalani cete, muone pamene akakamila. Pamenepo ndiye pali nchito yanu.

Caciwili, kumbukilani kafoni ka mabatani. Tonse timatumiza ndalama na *115# popanda bundle. Nchito zosavuta, monga kulipila na kuona ngati cikalata catuluka, ziyendenso mwa njila imeneyo.

Cacitatu, cinenelo. Wailesi ya boma imaulutsa m'zinenelo 7: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda na Ciluvale. N'cifukwa ciani fomu ya pa foni ikhale ya Cingelezi cokhacokha, comwenso n'ca maloya?

Cacinayi, tiuzeni manambala oona. Timamva kaŵilikaŵili kuti nchito zakutizakuti zaikidwa pa intaneti. Cimene tifuna kudziwa n'cakuti pa anthu 100 oyamba kudzaza fomu, ni angati amatsiliza okha, ndipo ndalama ikasowa pakati imabwezedwa patapita masiku angati.

Pali ngozi inanso. Tsamba likavuta, anthu amapeleka NRC, nambala ya foni na password kwa mlendo wa pa cafe. Lamulo la Data Protection Act la 2021 lilipo, koma silingamuteteze munthu amene wakakamizika kupeleka yekha zinsinsi zake kuti cikalata cituluke.

Pa basi, change ikasowa timadziwa womugwila malaya. Nchito za boma za pa intaneti zifunikanso zotelo: pansi pa tsamba lililonse palembedwe udindo wa woliyang'anila, na nambala imene ikaimbidwa munthu amayankha. Ndalama ya amalume ija inabwela patapita milungu iwili. Mpaka lelo palibe amene anawauza kumene inali.