Akuba a Masiku Ano Sathyola Chitseko

Aliyense wochita malonda kwathu ku Nkhata Bay amadziwa kufunika kwa mlonda. Pitani pa Chintheche kapena pa Kande madzulo, mudzapeza magolosale atsekedwa ndi maloko awiriawiri, m'mawindo muli zitsulo, ndipo pakhonde pakhala bambo wachikulire ndi chibonga chake, tochi ili pambali. Koma ndikufuna kufunsa makolo athu amene ali ndi mabizinesi: kodi ndalama zanu masiku ano zimagona m'golosale? Zambiri zimagona m'foni. Ogula usipa amalipira pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba (sindikunena Mpamba wathu wa pa msewu wa ku Mzuzu uja ayi), abale a ku Joni amatumiza thandizo pa foni, ndipo mlendo wa ku Ulaya amasungitsa chipinda cha m'mbali mwa nyanja asananyamuke kwawo. Nanga chuma chimenechi akulonda ndani?

Maganizo anga ndi akuti eni malonda ambiri saumira pogula mafoni ndi makompyuta, koma amaumira pa munthu amene amagwira zipangizozo. Apa mpamene akuba akulowera.

Tikumbukire nkhani ya mapasipoti. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti. Mu February chaka chomwecho a Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti akuba adalowerera makompyuta a nthambiyo ndipo ankafuna dipo, koma boma silipereka. Ena adatsutsa. Iwo ankati gwero la vutolo lidali kusamvana ndi kampani ya Techno Brain, imene boma lidathetsa nayo mgwirizano mu December 2021. Kaya mutsate mbali iti, ntchito idaima mpaka mu March, ndipo kwa ine izi zikusonyeza kuti mwini nyumba adalibe ana okwanira odziwa makiyi a nyumba yake yomwe. Kuno kunyanja, kumene agogo athu adayamba kalekale kupita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ntchito, pasipoti ndi khasu. Mnyamata amene adalephera kunyamuka miyezi imeneyo sadaone wakuba ndi maso, koma banja lake lidamva kuwawa. Ngakhale dziko la South Africa, ndi chuma chake chonse, lidaona zofananazo mu July 2021 pamene akuba adasokoneza makompyuta a kampani ya Transnet, katundu n'kuunjikana pa doko la Durban, kumene katundu wina wa Amalawi amadzera.

Wina anganene kuti zimenezo n'za boma ndi makampani akuluakulu. Iyayi. Mu 2023 bungwe la MACRA lidanena kuti Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pa foni, ndipo apolisi akhala akunena kuti ena mwa akubawo amaimba ali m'ndende ya Zomba. Taganizani, munthu ali m'ndende ku Zomba koma dzanja lake lafika m'thumba la msodzi wa ku Usisya! Ndipo sagwiritsa ntchito nzeru zakuya ayi. Amangoimba ndi mawu aulemu nanena kuti akuchokera ku likulu la kampani ya mafoni, akukonza nambala yanu, choncho musindikize manambala akutiakuti. Kapena amatumiza uthenga wooneka ngati ndalama zalowa, kenaka n'kuimba modandaula kuti watumiza molakwika, mum'bwezere. Kwa eni malo ogona alendo amalemba kalata ya pa intaneti m'dzina la kampani yowagulitsa katundu, n'kunena kuti nambala ya ku banki yasintha. Sathyola makina. Amanyengerera munthu.

Tsono munthuyo ndani? Kawirikawiri ndi mtsikana amene adalekera sukulu Fomu 2, wakhala m'kanyumba kotumizira ndalama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Abwana adamuonetsa tsiku limodzi lokha mmene angatumizire ndi kulandira, basi. Palibe adamuuza kuti kampani ya mafoni sifunsa nambala yachinsinsi pa foni. Nambalayo n'kutheka kuti yalembedwa pachikuto cha kope lomwe lili poyera patebulo. Tsiku limene waberedwa, abwana amam'dula malipiro miyezi ingapo kapena kupita naye kupolisi. Ine ndikuona kuti kumeneku n'kulakwa kawiri. Mwatuma mwana kunyanja osam'phunzitsa kupalasa bwato, ndiye bwato likagubuduka mukum'lipiritsa chilimira?

Kwina antchito onse amalowa m'kompyuta ndi mawu achinsinsi amodzi, ndipo wantchito akachotsedwa mokangana amapita nawo mawuwo kwawo, osasinthidwa. Kwina abwana eni ake sadziwa kutsekula makalata a bizinesi yawo, amadalira mphwawo amene ali ku Mzuzu. Mtsogoleri wotere sangafunse funso loyenera, ndipo safunsa adadya phula. Sindikunena kuti abwana asanduke katswiri. Koma adziwe kuti ndani ali ndi nambala iti, ndani angatulutse ndalama zingati popanda mnzake, ndiponso kuti foni ikabedwa lero aimbira yani.

Akatswiri a ntchito imeneyi ndi ochepa, n'zoona. Mu 2023 bungwe la ISC2 lidati dziko lonse lapansi likuperewera anthu pafupifupi 4 miliyoni odziwa kuteteza makompyuta. Choncho wophunzira amene watsiriza maphunziro otere ku MUST ku Thyolo, kapena a zamakompyuta ku Yunivesite ya Mzuzu, amakokedwa ndi mabanki a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mwinanso kunja. Golosale ya pa Kande singamulipire. Komabe mutu umodzi susenza denga. Eni malo ogona alendo a kuyambira ku Chintheche mpaka ku Kande atasonkherana angathe kulemba munthu mmodzi wowayendera onse ndi kuphunzitsa antchito awo. Minda ikuluikulu ngati wa tiyi wa Kawalazi ndi wa mphira wa Vizara ingathe kumaitana ophunzira a kuno kwathu kudzaphunzira ntchito pa tchuthi, kuti ena akatsiriza azibwerera.

Amalonda ena amati, ndikam'phunzitsa adzandithawa. Mwina adzathawadi ngati mukum'patsa malipiro osafika ndi pakati pa mwezi. Phunzitsani awiri, ndipo muwalipire ngati anthu osunga chuma chanu, pakuti ndiyo ntchito imene akugwira. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act, limene limalamula osunga mbiri za anthu kuti azizisamala. Mukajambula pasipoti ya mlendo kapena chiphaso cha unzika cha kasitomala, mwasenza udindo.

Abambo athu ansembe andikhululukire, nkhaniyi ikukhudzanso Mpingo. Akhristu ena amapereka chopereka pa foni, ndipo wakuba angathe kulemba uthenga m'dzina la Bambo Mfumu kupempha thandizo la wodwala. Ndani angakane? Chimandichititsa chidwi n'chakuti Mpingo sulola munthu kumva zolapa za anthu asanaphunzire zaka zambiri, chifukwa umadziwa kulemera kwa chinsinsi. Nanga bwanji nambala ya thumba la parishi kapena la mphakati timaipereka kwa aliyense amene akuoneka kuti amadziwa foni? Ndikupempha kuti Lamulungu lina, pa zolengeza, akhristu auzidwe nambala imodzi yeniyeni ya parishi ndiponso kuti wansembe sadzapempha ndalama pa uthenga wa foni.

Ndipo ife anzanga a pa seminale, tikapita ku tchuthi tikhale pansi ndi makolo athu ndi antchito awo tiwafunse za nambala zawo zachinsinsi. Asatiuze nambalazo ayi. Angotiuza ngati ndi 1234 kapena chaka chawo chobadwa, ndipo ngati ndi choncho asinthe tsiku lomwelo ife titayang'ana kumbali.