Ba coach, kupumula si ulesi

Mu Bauleni aliyense wamene amamenya bola aziba kuti Barbra Banda anapitila pa Bauleni United Sports Academy akalibe kufika ku Green Buffaloes, ku Spain, ku China na ku Orlando Pride mu 2024. Nchifukwa chake banyamata na basikana bambili bamathamanga kuseni pa Leopards Hill Road, mazulo bali ku ground, pa Sondo bali mu game. Khama ili bwino. Chamene nikana ni aka kamalamulo kakuti wamene wakamba kuti "nalema" ni waulesi.

Thupi imakula mphamvu pa nthawi yopumula pambuyo pa training. Ukaiumiliza masiku onse, liwilo imayamba kuchepa, mendo yamalema, tulo simabwela bwino, njala imasila, chimfine chimangobwelela. Ba player bambili bakaona ivi bamaonjezela training, ndiye bamaononga vintu maningi.

Mtima ungakuuze msanga, ndipo sifunika nkoloko ya ma thousand. Ukauka kuseni, ukalibe kuchoka pa bedi, ika vala vibili pa dzanja pansi pa chala chikulu olo pa mbali ya mukosi, upende kugunda kwa mtima kwa mphindi imozi. Lemba mu buku. Munthu mukulu akakhala chabe mtima umagunda pakati pa 60 na 100 pa mphindi, koma wamasewela wokhwima angapezeke pa 40 kufika 60. Osalinganiza na munzako. Penda kwa ma wiki yabili uzibe nambala yako. Ngati masiku onse umapeza 54, manje kwa masiku yatatu motsatana ukupeza 62 olo 64, thupi ikalibe kubwelela mu malo. Chepesa training olo pumula tsiku yonse.

Benangu bazakamba ati nambala imanama. Ni zoona kuti yeka sikwanila. Kutentha kwa mu October, kusamwa manzi, moba, ma energy drink, nkhawa ya ma exam, vonse vimakweza mtima. Malaria nayo imaukweza. Koma ganizani bwino: pa vonse ivi, ni chiti chamene chimapola na kuthamanga maningi? Palibe. Nambala ikakwela, funso ni yakuti chavuta ni chani, ndipo iyo funso ifunika kufunsiwa ukalibe kuvala ma boots.

Ba coach, apa ndiye pali nchito yanu. Mwana wamene afuna kuoneka ku ma trials sangakuuzeni kuti walema, ayopa bench. Gulani buku imozi, aliyense azilemba nambala yake akafika ku ground. Wamene yake yakwela, mupaseni training yopepuka ndipo musamuseke pamaso pa banzake.

Chinangu osaseba nacho: kubaba mu chifuba, kukomoka, olo mtima kugunda mosokonezeka pa ground si nkhani yopumula chabe. Pitani ku clinic. Enock Mwepu anasiya bola mu October 2022 ali na zaka 24, madokotala atamupeza na vuto ya mtima yobadwa nayo, ali mu Premier League ku Brighton. Iye anali na madokotala bomupima. Ise mu komboni tili na vala vibili, buku na clinic. Mailo kuseni, ukalibe kugwila foni kuona WhatsApp, yamba wapenda mtima.