Kodi tauni imasanduka bwanji mzinda?

Ambiri amaganiza kuti malo akangodzadza ndi magolosale, mabanki ndi maminibasi ndiye kuti asanduka mzinda. Ayi ndithu. Pamalamulo, dziko lino lili ndi mizinda inayi yokha: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba.

Ulemu umenewu amapereka ndi boma, pochita kulengeza m'Gazeti, ndipo makhonsolo ake amayendera lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Kuchuluka kwa anthu kumathandiza, koma pakokha sikukwanira. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mu Lilongwe, pomwe Zomba, yomwe idakwezedwa mu 2008 nthawi ya Bingu wa Mutharika, idali ndi 105,013 okha. Zikuoneka kuti idadyera mbiri, poti idali likulu la dziko mpaka 1975.

Nkhaniyi ikukhudza anthu a ku Kasungu, Liwonde, Karonga, Luchenza ndi Bangula chifukwa ali pamndandanda wa malo asanu ndi atatu omwe boma likufuna kuwatukula kukhala mizinda yocheperako potsatira masomphenya a Malawi 2063.

Komatu dzinalo limabwera ndi bilu. Mumzinda mwininyumba amayenera kulipira msonkho wa malo, ndipo sangamange ngakhale kagolosale popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Nayo khonsolo imayenera kuchotsa zinyalala, kukonza misewu ndi kuika magetsi m'misewumo. Apa ndi pomwe pamavuta. Anthu a ku Ndirande ndi Mtandire akhala mumzinda zaka zambirimbiri, koma mvula ikagwa misewu yawo yambiri imasanduka matope okhaokha.