Injiniya wa papepala samanga mlatho

Ndili m'chaka chachinayi cha maphunziro a uinjiniya, ndipo lero ndiulula zimene anzanga amangonong'onezana m'makonde: masamu tikuwadziwa, koma ntchito sitiidziwa.

Musandimve molakwa. Sindikulira kuti maphunzirowa ngolimba. Zaka 5 zogona pakati pa usiku, mayeso pamwamba pa mayeso, zonsezo n'zoyenera. Mlatho suima ndi mapemphero, umaima ndi masamu. Dandaulo langa ndi lina.

Pasukulu pathu makina oyezera kulimba kwa konkire anafa ine ndisanafike. Ndiye timatani? Aphunzitsi amawajambula pabolodi, n'kutipatsa manambala amene anapeza ophunzira akale, ife n'kulemba lipoti ngati tayeza tokha. Malikisi timapeza ndithu. Koma abale, tikuphunzira chiyani pamenepa? Tikuphunzira kusainira chinthu chimene sitinachiyeze. Chizolowezi chimenechi sichithera m'kalasi ayi, chidzatitsatira mpaka pantchito, pamene siginecha yathu idzakhala itanyamula miyoyo ya anthu.

Patchuthi ndinakaphunzira ntchito pakampani ina yomanga. Foromani wake, bambo wolekezera Sitandade 8, anangoyang'ana konkire muwilibala nati, “Achimwene, madzi achulukamo umu, simukuona?” Ine, mwini wa mafomula onse aja, sindinaone kanthu. Manyazi ake! Ndipo ndinali wamwayi, chifukwa anzanga ena kumene anapita anangotumidwa kufotokope miyezi yonse.

Wina ati ndalama palibe. Zoona, makina ngodula. Koma kodi kutitengera kumtsinje kuti tikayeze liwiro la madzi kumafuna mamiliyoni angati? Mabuku athu ochokera kunja amatiwerengetsa kulemera kwa sinowo padenga. Sinowo ku Nsanje? Chonsecho mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mu Malichi 2023 Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, milatho yambiri n'kukokoloka. Mafunso enieni a injiniya wa kuno ndi amenewo: ngalande ikule bwanji, mlatho ukwere pati, dothi ili lingasenze chiyani. Madzi osefukira sawerenga satifiketi.

Kenaka ntchito zikuluzikulu zikapita kwa makontrakitala akunja, anthu omwewo amene anatimana zida amati mainjiniya athu sadziwa kanthu. Mwana wommana khasu sumunena ulesi.

Akuluakulu a maphunziro, tamvani. Konzani makina m'labotale musanagule galimoto ina ya bwana. Malikisi a labotale aperekedwe pa zimene wophunzira wayeza ndi manja ake. Wopita kukaphunzira ntchito atsatiridwe, aone ngati wagwiradi fosholo ndi chida choyezera malo. Inunso makampani, lekani kutisandutsa mamesenjala.

Chaka chamawa ndivala gauni. Tsiku lina mudzawoloka mlatho umene ndasainira ine, ana anu ali m'galimoto momwemo. Muganize bwino.