Mwana satengera kwa madobadoba

Banja la ku Area 47 kapena ku Old Town lofuna kutenga mwana wamasiye kuti akhale wakewake lisanamizidwe ndi madobadoba. Nyumba yosungira ana amasiye ilibe mphamvu zopereka mwana. Njira imayambira ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, yomwe imafufuza banjalo komanso abale a mwanayo, ndipo chilolezo chimachokera kukhoti.

Ngakhale Madonna, ndi chuma chake chonse, bwalo lalikulu ku Lilongwe lidamukaniza kutenga Mercy James mu 2009, mpaka adakapambana pa apilo.

Njira yachidule imapweteka mwanayo. Amalume ake akadzatulukira mawa, kapena omulera akamwalira, mwana wopanda chikalata cha khoti angathe kuchotsedwa pakhomo n'kumanidwa chuma chamasiye.