Utoto Woyaka Magetsi Akathima

Pa 26 February 1993 bomba linaphulika koimika magalimoto pansi pa nyumba za World Trade Center ku New York. Magetsi anathima, utsi unadzaza m'masitepe, ndipo anthu masauzande anatsika mumdima wa ndiweyani akupapasa khoma. Ena anatha maola angapo asanaone kunja.

Eni nyumbazo, a Port Authority, anatolapo phunziro. Anapaka utoto wowala mumdima m'mphepete mwa masitepe ndi pa zitsulo zogwirira, ndipo ena mwa amene anapulumuka zigawenga zitagwetsa nyumbazo pa 11 September 2001 anati mizere yobiriwirayo inawathandiza kutsika. Mu 2004 mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo loti nyumba zitalizitali za maofesi zikhale ndi zizindikiro zoterezi.

Palibe za matsenga apa. Masiku ano utoto wamtunduwu umakhala ndi ufa wa strontium aluminate, umene kampani ya Nemoto ya ku Japan inautulukira mu 1993. Ufawu umamwa kuwala kwa babu kapena kwa dzuwa, kenako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo umawala kuposa zinc sulfide wakale pafupifupi ka 10. Sufuna waya, sufuna batire. Komanso si radium, poizoni uja amene anadwalitsa ndi kupha atsikana opaka manambala pa mawotchi ku America m'ma 1920.

Chimene omanga ambiri amaphonya ndi poika. Utsi umathamangira kudenga, choncho chikwangwani cha pamwamba pa chitseko ndicho chimayamba kubisika. Wothawa moto amawerama kapena kukwawa, maso ali pansi. N'chifukwa chake mizereyi iyenera kudutsa pafupi ndi pansi, mpaka kukafika pachogwirira chitseko.

Vuto lina n'lakuti utotowu umafa ndi njala ya kuwala. Masitepe amene bwana anachotsamo mababu pofuna kupulumutsa mayunitsi sangawale tsiku la ngozi, ngakhale chikwangwanicho chitakhala chodula bwanji.

Nanga chitseko chenichenicho? Mizere yowala singathandize ngati potulukira pali pokhoma. Pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Johannesburg n'kupha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi opita kukasaka maganyu. Opulumuka anasimba za geti lachitsulo lokhoma limene linatsekereza anthu m'kati, moti ena anachita kudumphira pawindo kuchokera m'zipinda zam'mwamba.