ZA M'BANJA: Mphamvu za mai wotuluka m'chikuta

Abale athu a kwa Khwethemule ndi a m'midzi yonse yozungulira minda ya tiyi, mwezi uno tifuna kukamba za mai amene wangobereka kumene, ndi za njira imene mphamvu zache zibwerera nayo. Mvula ikagwa tiyi aphuka msanga, ndipo kuyambira Disembala kufikira Epulo ntchito yothyola ichuluka m'minda ya ku Thyolo. Pamenepo mai wa khanda aona anzache alikupita ndi madengu kumsana, nayamba kuwerenga ndalama zimene zirikumpita. Ena anena kuti ntchito ndiyo ilimbitsa munthu, abwerere msanga kumunda, akachirira komweko. Mau amenewa ngonyenga. Katundu wolemera alimbitsa thupi lochira, koma thupi losachira aliononga, ndipo chilema chache mai akhala nacho kufikira ukalamba.

Tiyambe taona zochitika m'kati mwa thupi. Pa tsiku lobereka chiberekero chilemera ngati kilogalamu 1, ndipo chitha masabata 6 chirikufota kufikira chitabwerera pafupi ndi msinkhu wache wakale. M'kati mwa chiuno, cha pansi, muli minofu yoyalidwa ngati ukonde, imene inyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Mwana pobadwa aitanula kwambiri. Minofu ya pamimba nayonso itanuka, ndipo mwa amai ambiri ilekana pakati cha pamchombo. Tsono ndowa ya malita 20 ilemera makilogalamu 20, ndipo mai poinyamula akankhira mphamvu yonse pa minofu yosachirayo. Zingatsatepo ndi izi: kupweteka kwa msana, kudontha kwa mkodzo potsokomola kapena poyetsemula, ndi kwa ena kutsika kwa chiberekero, mavuto amene amai ambiri awabisa chifukwa cha manyazi.

Chifukwa chache masiku oyamba ngopumula. Koma kupumula sikugona tsiku lonse iai. Mai adziyenda pang'ono m'nyumba ndi pabwalo, kuti magazi asaundane m'miyendo. Podzuka pamphasa ayambe watembenukira kumbali, nadzikankha ndi manja, osadzuka chagada.

Ntchito yoyamba yolimbitsa thupi siioneka ndi maso. Inu amai, finyani minofu ya pansi ija monga muchita poletsa mkodzo kapena mpweya kutuluka, werengani kufikira 5, masulani, werenganinso kufikira 5. Teroni ka 10, katatu pa tsiku, osagwira mpweya, ndiponso osayesa pamene mulikukodza. Dokotala Arnold Kegel wa ku America ndiye anafalitsa njira imeneyi m'chaka cha 1948, ndipo anamwino aiphunzitsabe. Ingachitike poyamwitsa, posankha nyemba, ngakhale pocheza, wina osazindikira kanthu. Yachiwiri nja pamimba: gonani chagada mutapinda maondo, ndipo potulutsa mpweya kokerani mchombo m'kati mofatsa, ngati mufuna kuufikitsa kumsana, kenaka masulani. Zipatso zache zichedwa, zioneka patapita masabata kapena miyezi. Koma paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ikatero pabwera kuyenda. Yambani ndi mphindi 10 pa njira yosalala, muonjeze pang'ono sabata ndi sabata. Dziko lathu lino nlamapiri, tsono zitunda ndi zitsetse za kumtsinje zidikire poyamba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la pansi, WHO, linalangiza m'chaka cha 2020 kuti mai wobereka amene alibe vuto afikire mphindi 150 pa sabata, ndiko kunena mphindi 30 pa masiku 5, akuyenda mokangaza koma wokhoza kulankhula ndi mnzache. Kusinja, kulima ndi kusenza zibwere pambuyo pa masabata 6, anamwino atamuona, ndipo ayambe ndi theka la ndowa. Ponyamula kanthu apinde maondo, msana uli chiriri, katundu ali pafupi ndi thupi. Mai amene anabereka pa opareshoni asanyamule cholemera kuposa mwana wache masabata 6 amenewo, ndipo adikire mau a kuchipatala asanayambe ntchito yolimba.

Nanga zipangizo? M'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre mugulitsidwa malamba omangira mimba ndi mankhwala amene ati achepetsa thupi. Musataye ndalama zanu. Agogo athu amamanga mimba ndi nsalu, ndipo nsalu yomangidwa mofatsa ichirikiza, mai namva bwino poyenda. Koma lamba kapena nsalu sizilimbitsa mnofu, ndipo zikathina zikankhira za m'mimba pansi, pomwe pali pofooka kale. Mankhwala ochepetsa thupi sayenera konse mai woyamwitsa. Zofunika muli nazo kale m'nyumba: mphasa yogonera, chitenje choberekera mwana pamwamba ndi mokhwima bwino kuti asalendewere m'chiuno, nsapato zosaterereka pa dothi lonyowa, ndi madzi abwino akumwa.

Mphamvu zichokeranso m'mbale. Pobereka mai ataya magazi, ndipo wochepa magazi achita chizungulire ndi befu pa chitunda chaching'ono. Adye nandolo, nyemba, bonongwe, nkhwani, usipa, mazira ndi chiwindi pamene chipezeka, pamodzi ndi zipatso zonga magwafa, malalanje ndi mapapaya, zimene zithandiza thupi kulandira mchere wopanga magazi, umene achipatala autcha ayironi. Pano pali chinthu chimene ife a m'dziko la tiyi tiyenera kuchidziwa: tiyi womwera pamodzi ndi chakudya aletsa ayironi wambiri wa m'ndiwo kulowa m'thupi. Sitinena kuti mai aleke tiyi, koma amwe patapita ora limodzi atadya, ndipo mapiritsi oonjeza magazi amwere madzi. Asadzimane chakudya pofuna kuti mimba iphwe, pakuti woyamwitsa adyera anthu awiri.

Tsopano mau kwa inu abambo, apongozi ndi achembere. Zonse tanenazi sizitheka ngati madzi, nkhuni ndi mtondo zirikudikira mai yemweyo. Mutu umodzi susenza denga. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi, la chaka cha 2000, lipatsa mkazi wolembedwa ntchito masabata osachepera 8 opumula ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka 3. M'chaka cha 2021 lamuloli linaonjezedwa: bambo wolembedwa ntchito apatsidwa masabata 2 ndi malipiro, kamodzi pa zaka 3, ndipo mai wobwerera kuntchito apatsidwa theka la ora kawiri pa tsiku kuti ayamwitse, kwa miyezi 6 mwana atabadwa. Kambani ndi a ku ofesi nthawi isanakwane. Ndipo inu abambo, masabata 2 amenewo ngotunga madzi ndi kuwaza nkhuni, si a pa bawo iai.

Potsiriza, musaphonye masiku okaonedwa kuchipatala: tsiku loyamba, tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndi pakutha masabata 6. Koma mai akataya magazi ambiri, akatentha thupi, akatuluka zonunkha, akamva mutu waukulu ndi kusaona bwino, akatupa mwendo umodzi ndi kuwawa, kapena akabanika, mutengereni kuchipatala pompo, usana kapena usiku. Akakhala wachisoni masiku ambiri, wosakondwa ndi mwana wache, nayonso ndi nthenda yofuna thandizo, si ulesi. Mkodzo ukangotuluka wokha usana ndi usiku, imeneyo ndi fisitula. Ichiritsidwa ndi opareshoni, ndipo ku Bwaila, ku Lilongwe, kuli chipatala cha nthenda imeneyi.

Tiyi wosathyoledwa chaka chino aphukanso chaka cha mawa, ndipo mai amene anasamalidwa miyezi iwiri yoyamba adzamthyola zaka zambiri ndi msana wolimba. Inu amene muli ndi khanda m'nyumba, gawanani ntchito lero lomwe, aliyense adziwe yache. Tsalani bwino, abale, kufikira mwezi wa mawa.